Kuveka Mbalame Mphete M'nyengo Yachisanu: Pamene Ndafika mu Januwale

Loweruka lapitali tinatchera maukonde kusanache pamalo athu ofufuzira mbalame kuno ku Norfolk, ku Britain, udzu uli woyera ndi chisanu. M'nyengo ino timayendera maukonde pafupipafupi, osadutsa mphindi 20, chifukwa kambalame kamene kagona usiku wautali osadya kamakhala katatha mafuta m'thupi, ndipo kukasiya mu ukonde nthawi yaitali n'kukaika pachiswe.

Ndikadali wophunzira. Chilolezo chimene ndili nacho, chochokera ku bungwe la British Trust for Ornithology la ku Thetford, chimandilola kugwira mbalame pokhapokha aphunzitsi anga ali pomwepo. Kuveka mbalame mphete kumwendo, pofuna kudzaizindikira ikagwidwanso, kunayamba mu 1909 m'dziko muno, ndipo mphete iliyonse ili ndi nambala yakeyake.

Kuwonjola mbalame mu ukonde tsopano ndakuzolowera, kuyeza phiko ndi kuika pa sikelo sikukundivutanso. Chimene chandidyera nthawi mwezi uno ndi kudziwa msinkhu wa mbalame, kutanthauza zaka zake. Mbalame yoswedwa chaka chatha, monga robin, kawirikawiri imasintha nthenga zina za pamwamba pa phiko n'kusiya zina zaubwana, motero pamakhala malire pakati pa nthenga zatsopano ndi zakale zofwifwa. Malirewo ndi ovuta kuwaona kuwala kukachepa, ndipo kawiri konse ndinayenera kutembenuzira phiko kudzuwa aphunzitsi asanavomere yankho langa. Palinso lamulo la manambala osonyeza msinkhu: mbalame yoswedwa chaka chomwecho, imene mu Disembala timailemba 3, kuyambira pa 1 Januwale timailemba 5, pakuti yalowa chaka chake chachiwiri. Aphunzitsi amanenetsa kuti ndikakayika ndilembe nambala yosonyeza kuti msinkhu sukudziwika bwino, ndipo ndikugwirizana nawo, chifukwa zongopeka zimawononga kaundula amene ofufuza amadalira.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi kambalame ka goldcrest, kolemera magalamu asanu okha ndi pang'ono, kamene tinakagwiranso kali ndi mphete yomwe tinakaveka chisanu chisanayambe. Ndili mwana kumudzi ndinkatchera mpheta ndi ulimbo, koma sindinaganizepo za mtima umene ukugunda m'dzanja langa monga ndinachitira tsiku limenelo.

Anamzeze kulibe, ali kummwera kwa Africa ndipo adzabwerera kuno mu Epulo. Sabata yamawa tikukonzekera kutchera kufupi ndi mitengo ya maapulo, kumene mbalame za redwing zochokera ku Scandinavia zikudya zipatso zogwa, ndipo ndikufuna kuphunzira kuzindikira msinkhu wake.