Loweruka pa chitunda cha ku Chikwawa

Ndadzuka 4 koloko m'mawa kunja kuli chiperoni. Kamvula kamawawa kamagwa mwakachetechete, ndipo phiri la Soche silimaoneka n'komwe. Ndamwa tiyi, ndadya mbatata ziwiri zotsala dzulo, ndapopa matayala a njinga, kenako ulendo wa pa Green Corner pomwe alamu anga amandidikira.

Kwatsala masabata 6 kuti tipalase ulendo wathu wa chaka ndi chaka, uja timasonkhetsa nawo ndalama zothandizira kafukufuku wa khansa. Chaka chatha zitunda zinandivuta kwambiri, choncho ulendo uno tinagwirizana kuti tizikonzekera pa msewu wa ku Chikwawa. Amene anaudutsapo akudziwa chifukwa chake. Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, pomwe chigwa cha Shire chili pansi penipeni, mamita pafupifupi 100. Zonse zimene watsika uyenera kuzikwera pobwerera.

Kupita sikunavute. Titadutsa Mpemba chifunga chinayamba kubalalika, ndipo pofika pa makhota aja Shire anaonekera kumunsi, akunyezimira pakati pa minda. Zala zinachita dzanzi ndi kugwira mabuleki. Pa Thabwa tavula majekete, pakuti kumeneko n'kotentha ngakhale mwezi uno wa Julayi. Tagula nthochi, tadzaza mabotolo, tatembenuka.

Pokwera simulankhulana. Umangomva tcheni, mpweya wako, ndi malole akubuula kumbuyo. Pa khota lachitatu kapena lachinayi ndinaima kuti ndimwe madzi. Ndinawamva akutsika kukhosi, ozizira, mpaka m'mimba, ndipo pomwepo ndinakumbuka bambo anga.

Iwo anayamba ndi kudandaula kuti nsima ikuima pachifuwa. Tinkati mwina ndi chilungulira. Amayi anayamba kuphika nsima yofewa, kenako phala, kenako phala lamadzimadzi losefa. Patapita miyezi, ngakhale madzi ankabwerera. Ndimakumbuka kabeseni kobiriwira komwe kankakhala pansi pa mpando wawo, kolavuliramo malovu, ndi lamba yemwe ndinawaboolera mabowo awiri atsopano ndi msomali. Abale ena kumudzi ankati ndi zaanthu, ndipo nthawi yambiri inathera kumeneko. Pomwe madokotala a ku chipatala chachikulu ankalowetsa kachubu kokhala ndi kamera kummero kwawo, chotupa chinali chitatseka kale njira. Anawaika kapayipi kotsegula mmero. Tsiku limene anamezanso phala anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi, misozi ili m'maso, n'kupempha lina. Anakhala nafe miyezi itatu.

Khansa ya kummero ndi yochuluka kuno ku Malawi kuposa m'mayiko ambiri pa dziko lapansi, ndipo ofufuza akadali pa ntchito yopeza chifukwa chake. Amatchula fodya, mowa wonga kachasu, chizolowezi chomwa tiyi ndi phala zikadali zotentha kwambiri, komanso utsi wa nkhuni ndi makala. Bambo anga sankasuta, ndipo mowa sankaulawa. Funso limenelo ndi lomwe limandidzutsa 4 koloko kukuzizira. Ndikufuna lidzayankhidwe ndi anthu ofufuza pakati pathu pompano, odziwa mmene timaphikira ndi zomwe timadya.

Ndili chiimire, anatipeza bambo wina wachikulire akukankha njinga yonyamula matumba atatu a makala, malaya atanyowa ndi thukuta, ku mapazi kuli nkhwaira. Anayedzamiritsa njinga yake pa mwala n'kutiyang'ana.

"Achimwene, mwadzuka bwanji? Kodi ndi mpikisano?"

Alamu anawafotokozera. Bambowo anakhala chete pang'ono, kenako anati mchemwali wawo anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero, atataya magazi pafupifupi chaka chonse osauza munthu chifukwa cha manyazi. Anasiya ana anayi, ndipo awiri akuwalera iwowo ndi ndalama ya makala omwewa.

Ndinawafunsa ngati mwa anawo muli atsikana. Anati alipo mmodzi, ali Sitandade 4. Ndinawauza za katemera woteteza ku HPV, kachilombo koyambitsa khansa imeneyi, yemwe boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, komanso kuti amayi akunyumba kwawo akhoza kukayezetsa m'chipatala cha boma mwaulere: anamwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo malo omwe ayamba kusintha amayera n'kuonekera matenda asanakule. Anandifunsa kawiri dzina la katemerayo kuti asaiwale. Za utsi wa makala sindinatchule. Ine ndemwe magetsi akazima ndimakoleza mbaula, ndipo makala ake amabwera mumzinda pa njinga ngati yomweyo.

Tinagawana nthochi zotsala. Posiyana anati, "Muyende bwino, Mulungu akupatseni mphamvu." Tinawathandiza kudzutsa njinga ija. Kulemera kwake sindidzaiwala; tinaigwira awiri, koma iwo amakwera nayo phiri lonselo okha.

Chitunda chotsalacho ndinachikwera osatsikanso. Ntchafu zimayaka moto, giya ili yomaliza, koma ndinafika pamwamba ndili pa chishalo. Ndi koyamba.

Alamu anapatukira kwawo, ine ndinazungulira dala kudzera msewu wa Mahatma Gandhi, pa sukulu ya madokotala yomwe inatsegulidwa mu 1991 ndipo pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Ophunzira angapo amawolokera cha ku chipatala cha Gulupu atanyamula makhoti awo oyera pamkono. Ndinachepetsa liwiro kuti adutse.

Madzulo ano ndinapita kukawaona amayi. Ndinawapeza akusenda nandolo pakhonde, ndipo ndinawasimbira za tsikuli, mpaka za bambo wa makala uja. Anamvetsera osayankha. Kenako analowa m'nyumba, n'kubwera ndi K5,000 yopindapinda yomwe anamasula pa mfundo ya chitenje.

"Bweretsa pepala lako lija."

Ndinawapatsa pepala la osonkha pamodzi ndi cholembera. Pa mzere wa dzina sanalembe lawo, analemba la bambo.