Loweruka pa Bde Maka Ska, mtanthauziramawu uli m'thumba

Lero sindinapite kuntchito, ndipo popeza kuzizira kwayamba kuchepa muno mu Minneapolis, m'chigawo cha Minnesota ku America, ndinalawirira kukazungulira nyanja ya Bde Maka Ska, ulendo wa makilomita pafupifupi 5. Kwa miyezi yambiri ndakhala ndikudutsa pa chikwangwani cha nyanjayi osalitchula dzinalo mokweza, chifukwa b ndi d zogundizana koyambirira kwa mawu zinkandimanga lilime. Dzulo mayi wina amene ndimagwira nawo ntchito, omwe ndi a mtundu wa Dakota, eni nthaka a dera lino, ndipo ayamba kuphunzira chinenero cha makolo awo atakula kale, anandiuza kuti ndileke kulilambalala dzinalo, kenaka anandionetsa pafoni pawo mtanthauziramawu wotchedwa Dakhóta Iápi Wičhóie Wówapi. Ndinauika pafoni yanga usiku womwewo, ndipo sindinalipire kalikonse.

Mtanthauziramawu umenewu unatuluka mu Febuluwale 2023, ndipo anaukonza ndi a bungwe la Dakhóta Iápi Okhódakičhiye la kuno ku Minnesota. Muli mawu oposa 28,000, koma chimene chinandigwira mtima si kuchuluka kwakeko ayi. Ukadina pambali pa liwu umamva munthu wamkulu akulitchula, pena bambo pena mayi, modekha ngati mmene gogo amabwerezera mawu kwa mdzukulu amene wangoyamba kuyankhula.

Ndinakhala pa benchi ina yoyang'ana kumadzi, ndinavala zomvera m'makutu, n'kuyamba kuligawa dzina lija. Bdé ndi nyanja, makhá ndi dothi kapena nthaka, ská ndi choyera, kotero kuti dzina lonse likunena nyanja ya dothi loyera. Nditamva liwu lachiwirilo ndinaseka ndekha, mpaka munthu wina wothamanga ndi galu wake anacheuka. Pachikwangwani palembedwa Maka, koma wamkulu wa m'foniyo ankatchula kh womveka bwino, wotuluka ndi mpweya, yemwe ife timamudziwa kuyambira tili kumsana. Munthu amene anakula akusiyanitsa kola ndi khola, kapena pala ndi phala, safunika kumuphunzitsa zimenezi, pamene anzathu oyankhula Chingerezi chokha amavutika nazo kumva. Amishoni amene anayamba kulemba chinenerochi nawonso sankakuonetsa kusiyanaku m'zolemba zawo, ndipo n'chifukwa chake tinazolowera kuona Dakota, pamene mtanthauziramawu watsopanowu ukulemba Dakhóta.

Amishoniwo anayambira pano pomwe. Mu 1834 Samuel Pond ndi m'bale wake Gideon anamanga kanyumba m'mbali mwa nyanja ino, pafupi ndi mudzi wa a Dakota umene unkalima chimanga, ndipo ndi iwo amene anakonza zilembo zoyamba. Stephen Riggs anasindikiza mtanthauziramawu wake mu 1852, John Williamson wake mu 1902, ndipo ophunzira akhala akudalira mabuku awiriwa kwa zaka zoposa 100. Sindikuwapeputsa mabukuwo, pakuti asunga mawu ambirimbiri amene akanatayika. Koma buku silitsegula pakamwa, ndipo limakwanira pokhapokha ngati kunyumba kuli agogo oti ukawafunse katchulidwe. Anzanga akuntchito aja alibe wowafunsa. Agogo awo ankachidziwa chinenerochi koma sanawaphunzitse ana awo, chifukwa anadutsa m'sukulu zogonera konko zimene boma ndi mipingo ankayendetsa, kumene mwana ankalangidwa akamveka akuyankhula chakwawo. Ena mwa ife tikukumbukira chilango cha kusukulu chifukwa choyankhula Chichewa m'kalasi, koma ife tikaweruka tinkabwerera kwa amayi athu n'kukachipeza chili pamoto pamodzi ndi nsima. Ana a kuno ankachotsedwa kwawo kwa miyezi kapena zaka.

Liwu lija la makhá linanditengera kumene sindinakonzekere kupita. Ndinazindikira kuti ndi lomwe lili m'dzina la tauni ya Mankato, lochokera ku Makhátho, dothi lobiriwira ngati thambo. Ku Mankato n'kumene amuna 38 a mtundu wa Dakota ananyongedwa pamodzi pa 26 Disembala 1862, nkhondo yawo ndi boma la America itatha. M'nyengo yozizira yomweyo anthu pafupifupi 1,600, ambiri mwa iwo amayi, ana ndi okalamba, anatsekeredwa mumpanda kumunsi kwa linga la asilikali la Fort Snelling, pamalo amene eni ake amawatcha Bdóte, pomwe mtsinje wa Minnesota umakumana ndi Mississippi. Mu 1863 lamulo linawathamangitsa m'dera lino, ndipo n'chifukwa chake zidzukulu zawo zambiri lero zili ku South Dakota, North Dakota, Nebraska ndi Canada. Nyanja imene ndinakhala pambali pakeyi inkatchedwa Lake Calhoun, kutengera John C. Calhoun, wandale amene ankaikira kumbuyo ukapolo, ndipo dzina la eni nthaka linabwezeretsedwa mu 2018, ngakhale kuti mkangano waukulu wa nkhaniyi unakathera kukhoti mu 2020. Ngakhale dzina la Minnesota lenilenilo limayamba ndi mní, kutanthauza madzi.

Ndinaimirira zala zitayamba kuuma, n'kumaliza kuzungulira ndikubwereza bdé chapansipansi mpaka lilime linavomera. Chinsinsi chake n'kusaika i pakati, ngakhale kuti pakamwa pa Mchewa pamafunitsitsa kutero.

Madzulo ndinaganiza zowathokoza mayi aja m'chinenero chawo. Ndinapeza liwu lakuti pidámayaye, ndinalimvetsera kangapo, kenaka ndinajambula mawu anga n'kuwatumizira pa WhatsApp. Sipanapite nthawi anandiimbira akuseka, koma kuseka kwa chifundo.

"Bambo, mwatchula bwino kwambiri, koma mwayankhula ngati ine," iwo anatero. "Inu amuna mumawonjezera do kumapeto."

Anandifotokozera kuti m'chinenero chawo amuna ndi akazi amatsiriza ziganizo mosiyana, ndipo ngakhale moni amasiyana: mwamuna amati háu, mkazi amati háŋ. Ndinawauza kuti ifenso tili ndi liwu lakuti mlongo, limene tanthauzo lake limadalira amene akuyankhula, ndipo anandiyankha kuti mayina awo a ubale ndi otero ndithu, moti mkulu wa mwamuna ndi mlongo wamkulu wa mkazi amatchulidwa ndi mawu osiyana. Tinacheza mphindi zingapo za zimenezi, kenaka anati mwana wawo akufuna foniyo kuti afufuze dzina la mbalame imene anaiona pawindo.

Ndisanagone ndajambulanso uthenga uja, ulendo uno ndi do wake kumapeto, ndipo ndautumiza. Lolemba ndikawapatsa moni wa háu pakhomo la ofesi.