Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Mmene ndinaikira mitengo ya wigi ya amuna pa Chitakale

M'gawo lapitali ndinafotokoza za kubwerera kwanga kuchokera ku Johannesburg m'chaka cha 2021, ndi mmene ndinapezera kanyumba ka lendi pa Chitakale, m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Muloza, kuti nditsegulemo malo ometera. Pa zonse zimene ndinabwera nazo kuchokera ku Joni, luso loika wigi pamitu ya amuna a dazi ndi limene linandivuta kulipezera mtengo. Kumeta kwa masiku onse kunali ndi mtengo wake wodziwika, ndipo ine ndinkameta pa K500 monga anzanga, podziwa kuti ndikakweza ndekha anthu angowoloka msewu n'kukameta kwina. Koma pa ntchito yatsopanoyi ndinalibe mnzanga pafupi woti ndiyerekeze naye, choncho ndinayenera kukhala pansi ndi cholembera n'kuwerengera ndekha.

Wigi imeneyi, imene amalonda amaitcha hair system, si yofanana ndi ya amayi imene munthu amavula akamagona. Ndi kansalu kopyapyala kamene amamangirirapo tsitsi la munthu ndi manja, ndipo kamamatidwa ndi guluu kapena tepi pamalo okhawo pamene pali dazi, pamene tsitsi la m'mbali ndi la kunkhongo limakhala la mwini wake. Munthu amasamba nayo, kugona nayo ndi kugwira nayo ntchito kwa masabata awiri mpaka anayi isanamatulidwe kuti itsukidwe. Mawigi ambiri otere amapangidwa mumzinda wa Qingdao ku China, ndipo tsitsi lambiri limachokera ku India, kumene anthu amameta mitu pa akachisi monga wa ku Tirumala pokwaniritsa malumbiro awo. Tsitsi lowongokalo amalipota kufakitale kuti lifanane ndi lathu, ndipo wooda amasankha kukula kwa mapotedwe ake, kaya mamilimita 4, 6 kapena 8. Kwa bambo wa kuno amene amakonda tsitsi lalifupi, la mamilimita 4 kapena 6 ndi limene limalowererana bwino ndi lake.

Kumene ndinkagwira ntchito ku Joni, abwana anga ankatchula mtengo umodzi wa zonse, ndipo za kukonza kobwerezabwereza sankazitchula mpaka kasitomala atabweranso wigi itayamba kutukuka pamphumi. Mumzinda waukulu zimenezo zimayenda, chifukwa wokhumudwa akachoka kumabwera wina. Pa Chitakale munthu amene wamukhumudwitsa udzakumana naye pamaliro, kutchalitchi ndi pamsika wa chinanazi, ndipo mkazi wake mwina amaimba kwaya imodzi ndi mkazi wako. N'chifukwa chake ndinagawa mtengo patatu: wa wigi yeniyeniyo, wa kuika ndi kumeta koyamba, ndi wa kukonza nthawi iliyonse munthu akabwera kudzamatula, kutsuka ndi kumatanso.

Mtengo wa wigi sunali wovuta, chifukwa unkachokera kwa ogulitsa. Kumayambiriro kwa 2022 wigi imodzi yabwino inkandifikira pa madola pafupifupi 120, kuphatikizapo zotumizira ndi msonkho, zimene pa nthawiyo zinali pafupifupi K99,000, ndipo ine ndinkaigulitsa K120,000. Pali ya kansalu ka lesi, kamene kali ndi timabowo topumira, ndipo pali ya kapulasitiki kopyapyala kamene amati skin. Ya skin ndi yosavuta kutsuka ndipo imamata bwino, koma yopyapyala kwambiri imang'ambika pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, komanso imatsekera thukuta mkati, chinthu chimene munthu woyenda padzuwa la Okutobala kumunsi kwa phiri la Mulanje sangachipirire. Ine ndinkalimbikitsa ya lesi, imene ikasamalidwa imatha miyezi itatu kapena inayi, nthawi zina kuposerapo.

Pamene panali mkangano ndi pa mtengo wa kuika ndi kumeta koyamba, umene ndinauika pa K25,000. Amene sanaonepo ntchitoyi amaganiza kuti ndi kungopaka guluu n'kuvundikira, choncho ndiyenera kuilongosola bwino. Choyamba ndimayala pepala la pulasitiki lopyapyala pamutu pa munthu, n'kulimata ndi selotepi mizeremizere mpaka litauma ngati chipewa, kenako ndimajambulapo ndi cholembera malire a dazi ndi pamene tsitsi liyenera kuyambira pamphumi, nthawi zambiri zala zinayi kuchokera pansidze. Mzere umenewu ukatsika kwambiri, bambo wa zaka 50 amaoneka ngati wabwereka mutu wa mwana wa sekondale, ndipo aliyense amazindikira ali patali. Wigi imabwera yaikulu, kawirikawiri mainchesi 8 m'lifupi ndi 10 m'litali, ndiye ndimaitembenuza, kuikapo chipewa chija, n'kudula kansaluko ndi lezala pang'onopang'ono ndikupatula tsitsi kuti lisadulidwe nawo. Zikatero ndimameta mpala pamalo onse amene wigi ikhale, kupukuta khungu ndi spiriti kuti mafuta achoke, kupaka mankhwala oteteza khungu, kenako guluu wopyapyala katatu kapena kanayi, ndipo ulendo uliwonse ndimadikira kuti guluu woyerayo asinthe n'kukhala woonekera mkati ndisanapakenso. Wigi imayalidwa kuyambira pamphumi kupita kumbuyo, ndipo ikakhudza guluu siifuna kusunthidwanso. Pomaliza ndi pamene pamabwera kumeta kwenikweni, kutsitsa tsitsi la wigi ndi sizasi ndi mashini mpaka mzere wa pamene lakumana ndi la mwini wake utasowa. Zonsezi zimatenga maola awiri ndi theka kapena atatu.

M'maola atatu amenewo ndikanatha kumeta mitu isanu ndi inayi kapena khumi, ndiye kuti pafupifupi K5,000 inali itapita ndisanawerengere guluu, tepi ndi mankhwala omatulira, zimene zonse zimachokera kunja. Palinso chinsinsi. Palibe bambo amene amafuna kuti anyamata a kabaza amene amakonda kucheza pakhonde panga amuone akumatidwa tsitsi, choncho ndinkatseka chitseko n'kutsitsa katani, kapena kugwira ntchitoyo Lamulungu masana. Ndinazindikiranso msanga kuti makasitomala anga ambiri sanali a pa Chitakale. Ankachokera ku Luchenza, ku Limbuli, ku Thyolo, ena ngakhale ku Milange kutsidya kwa malire, ndipo sindikukayika kuti a pa Chitakale amene anali ndi vuto lomwelo ankakwera minibasi ya ku Blantyre pa chifukwa chimodzimodzicho.

Bambo wina wa zaka za m'ma 40, amene ankagwira ntchito ya mu ofesi pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, anabwera atatsala pang'ono kudalitsa ukwati wake kutchalitchi. Anavula chipewa titatsala awiri, ndipo atamva mitengo itatu ija anaseka pang'ono.

"Achimwene," anatero, "mutu wonse mumameta K500. Nanga kachigamba kamodzi aka kakufika bwanji pa K25,000? Tachotsanipo, tidziwane."

"Bambo," ndinayankha, "tsitsi la m'mutu mwanumu ndikalakwitsa lero, pakatha masabata awiri lamera ndipo mwandikhululukira. Ili likadulidwa ladulidwa, ndipo wogula lina ndine, osati inu."

Pamenepo ndi pamene pagona mtengo wonsewo. Wometa wigi ali ngati telala amene wapatsidwa nsalu ya suti yokwana munthu mmodzi: sizasi ikaphonya, palibe pobwezera. Ndalama imene munthu amalipira pa kumeta koyamba ndi ya maola, ya zipangizo, komanso ya chiopsezo chakuti dzanja likaterera, mtengo wonse wa wigi uchoka m'thumba mwanga.

Koma chimene chinawakhazika chete bambowo si K25,000 ayi. Ndinali nditadziikira lamulo lakuti ndisanakhudze mutu wa munthu ndi mashini, ndizimulembera papepala mtengo wa chaka chonse. Mawigi atatu pachaka anali K360,000. Kuika katatu kunali K75,000. Kukonza masabata atatu aliwonse pa K8,000, maulendo pafupifupi 14 kupatula masiku oika yatsopano, kunali K112,000. Zonse pamodzi zinkakwana K547,000, osawerengera thiransipoti. Anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba la malaya, nati akakambirana kaye ndi mayi a kunyumba. Atabwerera, anati agula imodzi yokha ya ukwatiwo ndi zithunzi, ndipo ikadzatha adzayamba kumeta mpala. Anafunsanso ngati kumeta paliwombo ndi kupakapo guluu sikudzawonjezera dazi. Ndinawauza kuti dazi la amuna ambiri ndi la kumtundu, ndipo limabwera chifukwa mahomoni otchedwa DHT amafooketsa mizu ya tsitsi pang'onopang'ono, kotero tsitsi lochepa limene ndimeta lidzameranso monga linalili. Chimene chimawononga ndi kumatula wigi mokakamiza popanda mankhwala, kapena guluu amene khungu la munthuyo silimufuna, n'chifukwa chake ndimayamba ndapaka kadontho kuseri kwa khutu tsiku limodzi kapena awiri ntchito isanachitike.

Anzanga ena a ntchito yometa anandiuza kuti pepala limenelo likuthamangitsa ndalama, ndipo n'zoona kuti ena akaliona sabweranso. Ine ndimaona kuti munthu amene wathawa pepala ndi yemweyo amene akanatha miyezi iwiri osabwera kudzakonza, n'kumayenda ndi wigi yotukuka ndi yonunkha thukuta, ndipo aliyense womuona akanafunsa kuti anamuika ndani.

Panali gulu linanso, la obwera ndi wigi yawoyawo. Ena amatumiziridwa ndi abale a ku UK kapena ku South Africa, ena amaoda okha pa intaneti. Amenewa ndinkawalipiritsa K35,000, ndipo ambiri ankadabwa kuti mtengo ukukwera bwanji pamene katundu abwera naye okha. Chifukwa chake n'chakuti pa wigi yanga ndimapezapo kaphindu kamene kamathandiza kuphimba chiopsezo chija, ndipo ndimadziwa kumene yachokera ndi mmene imakhalira ikakumana ndi madzi. Yobwera nayo munthu sindiidziwa: ikhoza kuyamba kuthothoka sabata yoyamba, ikhoza kukhala yothinana tsitsi kuposa la m'mbali, ndipo zikatero mlandu umagwera woika. Choncho ndinkanena poyera kuti ndikulonjeza za ntchito ya manja anga yokha. Ina ndinaikana kumene, ya tsitsi lowongoka lofiirira, imene mlamu wa munthu anagula ndi mtima wabwino koma osaganizira mutu umene ikukakhalapo.

Mitengo imeneyi sinakhalitse. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo wigi ya madola 120 ija inafika pa K124,000, kupitirira mtengo umene ndinkagulitsira. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasakaza Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi madera oyandikana nawo, ndipo kwa nthawi ndithu palibe amene akanaganiza za tsitsi anthu akufunafuna abale awo m'matope. Kenako mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, kutanthauza kuti wigi yomweyo inali K204,000 pa mtengo wa kubanki. Koma kubanki madolawo sankapezeka, ndipo munthu wa ku Limbe amene ankandiodera katundu ankawerengera pa mtengo wa kumsika wamseri, umene unali pamwamba kwambiri. Kuyambira pamenepo ndinasiya kusunga mawigi pashelefu. Munthu akafuna, ndimafunsa mtengo wa tsikulo, ndimamuuza kuti ukhala choncho kwa sabata imodzi yokha, ndipo amalipira ndalama yonse ya wigi pa Airtel Money kapena Mpamba ndisanaode. Kugawa mtengo patatu kuja kunandithandiza apa, chifukwa kasitomala ankaona yekha kuti chimene chalumpha ndi katundu wa madola, pamene mtengo wa manja anga wangokwera pang'ono motsatira lendi, magetsi ndi guluu.

Mtengo wa kukonza ndi umene sitinagwirizanepo ndi mayi a kunyumba kwanga mpaka lero, ndipo iwo ndi amene amasunga kope la ndalama. Iwo amati uzikwera m'miyezi yotentha ndi ya mvula, chifukwa kuyambira Okutobala mpaka Malichi thukuta ndi chinyontho zimasungunula guluu msanga, kutsuka kumatenga nthawi yaitali, ndipo mankhwala omatulira amatha mofulumira, pamene m'nyengo ya chiperoni wigi imagwira mpaka masabata anayi osatukuka. Mfundo yawo ndi yomveka. Ine ndimati m'miyezi yotenthayo munthu amabwera kale pafupipafupi, ndiye akulipira kale zambiri, ndipo kumukwezera pamwamba pake n'kumukankhira kwa anthu amene amamata ndi guluu wa nsapato. Chimene ndinachita m'malo mwake ndi kuyamba kugulitsa guluu wa m'kabotolo kakang'ono ndi tepi yodulidula kwa makasitomala akutali, monga a ku Makwasa ndi ku Milange, amene ndalama yoyendera imawadyera pafupifupi mofanana ndi ya kukonzako, ndipo ndimawaphunzitsa kumata okha mzere wa pamphumi ukatukuka. Mayi amati pamenepa ndikudzichotsera ndekha maulendo a kasitomala, ndipo m'kope mwawo anatsegula tsamba lapadera lowerengera ndalama imene amati timabotoloto tikutilanda mwezi uliwonse.

M'gawo lotsatira ndidzafotokoza za mnyamata wa kwa Nkando amene ndinayamba kumuphunzitsa ntchitoyi, ndi chifukwa chimene ndinamuyambitsira pa mawigi akutha amene makasitomala ankasiya.