Boti lachitatu pa ulendo wa ku Los Islotes

Tsiku limene tinatsitsira boti lathu lachitatu lonyamula alendo okasambira ndi nyama za m'nyanja m'madzi pagombe la La Paz, ku Mexico, ndinakumbukira mwezi wa September 2014, pamene namondwe wotchedwa Odile anasakaza chigawo cha Baja California Sur. Boti lokhalo limene tinali nalo tinalipeza litatsamira pamiyala, injini itamwa madzi amchere, pamene ngongole imene tinagulira injiniyo inali isanathe. Amene anatikongozawo sanadikire n'komwe kuti magetsi ayakenso mumzinda, ndipo kalata yawo yotikumbutsa tsiku lobweza inafika ife tikadakapa madzi m'botimo. Sindiwatchula dzina, koma akudzidziwa.

Chimene chinatiletsa kutaya mtima ndi mikango ya m'nyanja (nyama zoyamwitsa zosambira ndi zipsepse, zotchedwa sea lions m'Chingerezi) imene imakhala pamatanthwe a Los Islotes, kumpoto kwa chilumba cha Espíritu Santo. Anthu akuno amaitcha lobos marinos, ndipo ukamayandikira umayamba kumva kuuwa kwake ndi fungo lake usanaione. Mlendo akangolowa m'madzi, tiana timabwera tokha, timamuzungulira, timaluma mosewera zipsepse za kumapazi kwake, kenaka kamodzi kamaima n'kumuyang'anitsitsa m'magalasi ndi maso aakulu akuda, ndevu zili nyang'anya. Yamphongo, imene imatha kupitirira makilogalamu 300, ndi nkhani ina: ikadutsa pansi panu ikutulutsa thovu, mwafika m'dera lake ndipo muyenera kubwerera m'mbuyo mwakachetechete. Sitilola mlendo kuzigwira kapena kukwera pamatanthwepo, ngakhale atachonderera chotani.

Kuyambira June mpaka kumapeto kwa August boma limaletsa kusambira pamalowa chifukwa ndi nyengo yoswana. Miyezi itatu imeneyi thumba limapepuka, koma ine sindinadandaulepo nazo, pakuti chakudya chathu cha chaka chonse chimadalira tiana timene timabadwa nthawi imeneyo.

Ndikuthokoza mkazi wanga amene anagulitsa galimoto yake kuti tikonzetse injini ija, makaniko amene anaimasula chidutswa chilichonse n'kulola kulipidwa pang'onopang'ono, woyendetsa boti wathu amene sanatisiye pamene malipiro ankachedwa, ndiponso alendo amene anabweranso atatenga abale awo.

Ngati mukufuna kubwera, October ndi November ndiyo miyezi yabwino, chifukwa madzi amakhala ofunda ndi oyera. Magalasi, zipsepse ndi majekete oyandamitsa tili nazo zokwanira, ndipo amene sadziwa kusambira bwino amagwira chingwe pafupi ndi wotsogolera wathu. Malo m'boti latsopanoli ayamba kale kudzaza, choncho tilembereni msanga.