Ulendo wa ku Dunkeld: nsima inafika, ndiwo zinatsala

Inu amene munatsala ku Glasgow Loweruka lija, mvetserani, chifukwa nkhani ya poto yayamba kale kupotozedwa pa WhatsApp.

Tinanyamuka mochedwa ndi ola lathunthu podikira a Tcheya, omwe aja anati wochedwa asiyidwa. Titadutsa Perth pa msewu wa A9, Amayi Msungichuma anafunsa kuti, "Kodi poto wa nkhuku ali kumbuyoko?" Minibasi yonse zii. Nsima inalipo, mitanda 30 yokulungidwa bwinobwino. Achimwene oyendetsa akuti anauzidwa za nsima basi. Alongo athu a kwaya akuti anaika potoyo pakhomo. N'zoona, ine ndinamuona ali pa sitepe, koma ndinkayesa wabwera kudzabwezedwa kwa eni ake. Ndavomera, musandifunsenso. Tinadya nsima yozizira ndi nsomba za m'chitini m'mbali mwa mtsinje wa Tay, pansi pa mtengo umene amati Niel Gow, woyimba wa ku Scotland amene tinapitira kukaona kwawo, ankakhalapo popeka nyimbo, kamvula kakuwaza. A Tcheya anadya mitanda inayi uku akudandaula.

Zimene tinapitira tinachita ndithu. Niel Gow, katswiri wa vayolini, anabadwa mu 1727, ankakhala ku Inver, mudzi wa pafupi ndi Dunkeld, ndipo anamwalira mu 1807. Manda ake tinawaona ku Little Dunkeld. Mayi wina wa komweko anatiyimbira reel (nyimbo yovinira ya ku Scotland) imene tikuyeserera kudzavina pa 6 Julaye, Mrs McLeod of Raasay. Inasindikizidwa m'buku la banja la a Gow mu 1809, pomwe analemba kuti ndi ya ku chilumba cha Skye. Kenaka anaiyimba mmene amaiyimbira ku Ireland, komwe amaitcha Miss McLeod's ndipo amaitsitsa kuchoka pa kiyi ya A kufika pa kiyi ya G, n'kumalizira ya ku America, Hop High Ladies.

Apa mpamene panabuka mkangano wachiwiri. Agogo athu, omwe vayolini amaitcha kaligo wa zingwe zinayi, anakanitsitsa kuti ndi nyimbo zitatu zosiyana. Mayi uja anabwereza katatu, Agogo osagonja, mpaka tinaona phazi lawo likugunda pansi chimodzimodzi pa zonse zitatu.

Zikomo achimwene oyendetsa, zikomo Amayi Msungichuma pogula zitini ndi ndalama za m'thumba mwanu; komiti ikubwezerani. Nkhuku tinaipeza usiku ili pa sitepe pomwepo, ndipo amene anapita nayo kwawo akudzidziwa.