Kalendala ya kukhitchini kwa Anti

Lachinayi usiku, Pune, ku India. Kapena ndingoti Lachisanu, poti 12 koloko yadutsa kale.

Fani ikuzungulira koma ikungotakasa mpweya wotentha womwewo. Malichi sanafike ndi pakati pomwe, koma bedi likuchita ngati wina waliwotcha ndi simbi. Ndimati ndigone, nkhani ya madzulo ano yandikaniza.

Ndinatsika pansi kukapereka ndalama ya lendi basi. Mayi eni nyumba safuna zolipira pa foni ngakhale dziko lonse lino likulipira choncho mpaka wogulitsa tiyi pamsewu, iwo amafuna ndalama yogwirika, aiwerenge kawiri. Kuno mayi aliyense wamkulu timati Anti, bambo timati Ankolo, ndipo iwo amandiitana kuti beta, kunena kuti mwanawe. Ndinawapeza achotsa kalendala pamsomali, aiyala patebulo la kukhitchini pambali pa mbale ya anyezi wosenda theka.

"Beta, khala pansi. Iwe ndiwe wakunja, uyenera kudziwa. Nthawi yabwino yopita kunja ndi iti?"

Kunja! Ngati kuti ndi mudzi umodzi woti ine ndimadziwa mfumu yake. Kunja kwanga ine ndi kuno kwawo komweku, kuphatikizapo mabenchi a pabwalo la ndege ku Addis Ababa pomwe ndinawodzera maola angapo ndikubwera. Koma ndinakhala, chifukwa Anti akati khala pansi tiyi amakhala ali kale pamoto.

Nkhani yake ndi yoti mnyamata wawo akulemba mayeso a kalasi 10, ndipo bambo ake anamulonjeza kuti akamaliza banja lonse likwera ndege. Anthu anayi: Anti, Ankolo, mnyamatayo, ndi agogo, mayi awo a Ankolo, amene tonse timawatchula Aaji. Mapasipoti anatenga kale. Ndalama akuti akhala akusunga zaka zitatu. Chotsala ndi mwezi.

Kalendala ija ndiyenera kuifotokoza, chifukwa ndi imene imalamula nyumba ino. Amaitcha Kalnirnay, ndipo m'nyumba zambiri za anthu olankhula Chimarathi ndimaipeza ili lendee pakhoma la kukhitchini. Kabokosi ka tsiku lililonse kadzaza timalemba ting'onoting'ono: mwezi uli pati kumwamba, lero n'kusala kudya kapena ayi, chikondwerero chanji, tsiku labwino kumanga ukwati ndi liti. Kuseri kwa tsamba kuli maphikidwe. Ya Anti ili ndi madontho a mafuta pakona ndiponso manambala a pensulo a mkaka umene mnyamata wa njinga amabweretsa m'mawa. Ndiye anaika chala pa Malichi n'kuyamba kutsika nayo, ine ndili ndi foni m'manja ngati katswiri woitanidwa.

Mnyamata akufuna Japan. Waona pa Instagram maluwa a mitengo ya cherry aja, oyera mopita kofiirira. Amaphuka kumapeto kwa Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo ku Tokyo ndi Kyoto, akangokhala sabata imodzi kapena ziwiri amayoyoka. Ankolo anangoseka ali m'chipinda china. Iwo ndi akauntanti, ndipo chaka cha ndalama ku India chimatha pa 31 Malichi. Masabata amenewo amabwera kunyumba ife titagona. Julayi nayenso anamufufutiratu, chifukwa pa 31 Julayi ndi pomwe anthu ambiri amayenera kukhala atapereka mafomu a msonkho. Japan anafera pomwepo, mnyamata n'kubwerera kumabuku ake atakwinya nkhope.

Anti mtima wawo uli ku Switzerland, ndipo sabisa. Anakula akuonera mafilimu a Chihindi momwe anthu amavina pa sinowo atavala sari. Anandiuza monyadira kuti ku Interlaken kuli chiboliboli cha Yash Chopra, amene anajambula mafilimu ambiri kumapiri amenewo, ndipo akufuna akajambulitse ataima pambali pake. Akufunanso sitima yokwera mpaka ku Jungfraujoch, mamita 3,454 m'mwamba. Mwezi wake ndi Meyi, anatero, poti sukulu zatseka.

Apa ndi pomwe ndinayamba kumvetsa chimene chimachitika m'dziko lino. Meyi si mwezi umene Amwenye amasankha ayi, ndi mwezi umene umawasankha. Sukulu za kuno ku Maharashtra zimatseka cha mu Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi n'kudzatsegula pakati pa Juni, ku Delhi zimatseka pakati pa Meyi mpaka kutha kwa Juni. Ndi nthawi yomweyo imene dzuwa limalusa: kuno ku Pune limafika madigiri 40, ku Delhi limadutsa 45. Ndiye mabanja mamiliyoni ali ndi mpata umodzi womwewo ndiponso chifukwa chimodzi chomwecho chothawira. Aliyense akufuna mpando wa ndege womwewo wochokera ku Mumbai. Mtengo wa tikiti ukanalekeranji kukwera? Zili ngati mabasi a pa Wenela pa 23 Disembala, kungoti anthu ake ndi dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni.

Kenaka viza. Ndinawawerengera: ya Schengen, yolowera maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Switzerland, ndi mayuro 90 munthu mmodzi kuyambira mu Juni 2024, anthu anayi mayuro 360, ndipo akakukanani ndalamayo sibwerera. Malamulo amalola kupempha kutatsala miyezi 6 kuti ulendo uchitike. Kunena kwina, woti akufuna Meyi amayenera kuyamba kuthamanga ndi mapepala mu Januwale kapena Febuluwale, chifukwa ikafika nyengo ino masiku okaonekera amakhala atatengedwa ndi anzawo a Meyi omwewo. Anti anandiyang'ana ngati ndine ndinapanga lamulolo.

Koma amene anapha Meyi ndi Aaji, amene nthawi yonseyi anali phee pampando wawo akusankha mpunga m'mbale yachitsulo. Sayankhula Chingerezi. Anangoponya mawu ochepa m'Chimarathi, aliyense n'kuseka, mnyamata n'kudzanditanthauzira: "Akuti iwo sangachoke m'dziko muno nthawi ya hapus." Hapus ndi mango aja ena amawatcha Alphonso, ochokera ku Ratnagiri ndi Devgad kugombe la Konkan. Amapsa makamaka Epulo ndi Meyi, mvula ikangoyamba atha. Aaji ali ndi zaka zoposa 80. Akuti sakudziwa kuti atsala ndi nyengo zingati za mango, ndiye sangataye imodzi chifukwa chokaona madzi oundana.

Ndinaseka nawo, koma pakhosi panandigwira. Ine ndaphonya nyengo ziwiri za maboloma. Disembala wakwathu uja, fungo la mango owola pansi pamtengo, ntchentche, ana matama ali chikasu. Kuno Disembala ndi mwezi wa juzi.

Ndasokera. Tinali pa Juni.

Mvula ya monsoon imagwa koyamba ku Kerala cha pa 1 Juni, n'kukwera ndi gombe kudzafika ku Mumbai patapita masiku khumi kapena kuposerapo, ndipo imakhala mpaka Seputembala. Sukulu zikatsegula, makamu aja amachepa. Ndinawauza kuti Bali nthawi imeneyo kuli chilimwe, popeza kumeneko mvula imagwa kwambiri Novembala mpaka Malichi ngati kwathu. Ndinatchulanso Kenya, nyumbu zija zikamawoloka mtsinje wa Mara pakati pa Julayi ndi Okutobala. Anti anapukusa mutu. Zotsatira za mayeso zikhala zitatuluka, mwana akhala akufunafuna malo a kalasi 11, ndipo nkhondo ya malo a sukulu kuno munthu sangaisiye n'kupita kukaona nyumbu.

Ndinanena maganizo anga enieni, ndipo mpaka pano ndikuona kuti ndinalondola. Kwa munthu wofuna Ulaya, nthawi yake ndi Seputembala kulowa kumayambiriro kwa Okutobala. Ana a kumeneko abwerera kusukulu, Meyi wa Amwenye wadutsa kalekale, kuzizira sikunafike, mahotela atsikako. Ankolo anatulukira pakhomo atamva mawu oti kutsika mtengo.

Anti sanayankhe. Anangotembenuza masamba n'kundionetsa Seputembala. Tsamba lake ladzaza kuposa ena onse. Muli masiku khumi a Ganesh, mulungu wa Ahindu, ndipo Pune ndi likulu lake la chikondwererochi: misewu imatsekedwa, ng'oma zimalira mpaka mawindo anga amanjenjemera, ndipo m'nyumba muno amaika fano lawo pabalaza, achibale n'kumabwera kudzadya. Mayi wapanyumba achoke ndani aphike? Zikangotha zimenezo pakubwera Pitru Paksha, masabata awiri okumbukira makolo amene anamwalira, pomwe ambiri sayamba chinthu chatsopano, sagula galimoto, samanga ukwati. Aaji anati ulendo woyamba wowoloka nyanja nawonso ndi chinthu chatsopano. Apo sindinatsutse. Kwathunso kuli masiku amene munthu sungangonyamuka.

Tiyi wachiwiri anabwera. Anyezi anali asanasendedwebe.

Diwali, chikondwerero cha nyali, chaka chino cha 2026 ili pa 8 Novembala, ndipo sukulu zimapereka holide ya masabata awiri kapena kuyandikira apo. Ndi mpata wachiwiri waukulu wa dziko lino, ndipo kwa maiko apafupi ndi wabwinodi. Dubai, amene mu Julayi amadutsa madigiri 40, amakhala atayamba kuzizirako. Ku Thailand mvula imakhala ikutha ku Bangkok ndi Phuket, nyengo yabwino ikuyamba mpaka Febuluwale. Ndipo Thailand anachotsera Amwenye viza mu Novembala 2023, Malaysia n'kutsatira mu Disembala chaka chomwecho, n'chifukwa chake aneba athu ambiri amene anakwerapo ndege anapita kumeneko. Koma Anti anati Diwali ya m'hotela si Diwali. Ndani ayatse nyali pakhomo? Disembala anamudumpha mwachangu: maukwati atatu a pachibale, poti Novembala mpaka Febuluwale ndi nyengo ya maukwati, ndipo ongokwatirana kumenewo ndi amene amadzaza ndege za ku Maldives. Sabata ya Khirisimasi mitengo yake Ankolo anangoimba mluzu.

Tinafika kumapeto kwa kalendala opanda mwezi ndi umodzi womwe. Miyezi 12, yonse ili ndi mwini wake.

Ndimaganiza kuti zathera pomwepo, ndinali nditayamba kudzuka. Ndiye Ankolo, mwina pofuna kundilemekeza, anati, "Nanga kwanu, beta? Kwanu munthu amapita liti?"

Pakamwa panga panathamanga kuposa mmene ndimayembekezera. Ndinati Meyi wanu woopsayo kwathu ndi mwezi wokoma, mvula itangosiya, mapiri akadali obiriwira, m'mawa kukuzizira pang'ono. Ndinati Juni ndi Julayi mutenge juzi chifukwa cha chiperoni, makamaka ku Mulanje ndi Thyolo. Ndinati Seputembala ndi Okutobala njovu za ku Liwonde zimasonkhana m'mbali mwa Shire poti kwina madzi aphwa, koma Okutobala kumatentha. Ndinawauza za nyanja, za Cape Maclear, za chambo, ngakhale nyumba ino sadya nsomba. Ndinawauza kuti ku Limbe akapeza anthu olankhula Chigujarati amene agogo awo anabadwira komweko. Ndinalankhula ngati wolipidwa. Anamvetsera mwaulemu, Anti akugwedeza mutu mwa Chimwenye muja moti sudziwa ngati akuti inde kapena ayi. Ndinaona ndithu kuti kulibe sinowo, kulibe chiboliboli, ndiye sizikulowa.

Aaji anafunsa kanthu. Mnyamata anazengereza asanatanthauzire.

"Akuti, nanga iwe umapita mwezi uti?"

Ndinati ndikamaliza maphunziro. Anafunsanso kuti ndakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinaonetsa zala ziwiri. Anasiya kusankha mpunga, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandipatsa bisiketi ina ngati ndine mwana wa zaka zisanu.

Chimene sindinawauze n'choti mu Ogasiti wapitayu kwathu anamanga chiliza cha bambo anga aakulu amene anandilipirira sukulu ya sekondale. Mwezi unali wabwino kwambiri, kunja kouma, misewu yakumudzi yodutsika, anthu atakolola. Ndinaonera pa WhatsApp, vidiyo ikudukaduka, mlongo wanga atagwira foni mopendeketsa moti ndimaona kwambiri mapazi a anthu ndi fumbi. Panalibe mayeso, panalibe viza yodikira. Tikiti basi.

Sindikuwachitira nsanje. Kapena mwina pang'ono, sindikudziwa. Anthuwa asunga ndalama zaka zitatu, ndipo akhala akundidyetsa Lamulungu lililonse osawerengera. Kungoti ndinakhala maola awiri ndikuthandiza anthu kusankha pakati pa mango ndi sinowo, ndipo ndinachita bwino ndithu ntchitoyo, mpaka ndinasangalala nayo. Ndi chimenecho chikundisowetsa tulo, kaya chifukwa chiyani.

Pokwera masitepe ndinamva Anti akuuza Ankolo kuti mwina ayang'ane sabata yoyamba ya Juni, hapus atatsala pang'ono kutha, sukulu zisanatsegule. Ankolo anati nanga viza. Aaji ananena china, onse n'kuseka.

Ndatsegula tsamba la matikiti a Mumbai kupita ku Lilongwe, ndayang'ana Ogasiti, ndatseka. Ndayang'ananso Disembala.

Envelopu ya lendi ndangoipeza ikadali m'thumba la siketi.