Pepala likuti anachira

Tulo takanika. Ndagona, ndadzuka, ndamwa madzi, ndagonanso, ayi ndithu, ndiye ndangoti bola ndilembe mwina mtima ukhala pansi.

Madzulo ano ndawapeza amalume pa chitunda chija cholowera kwathu ku Ndirande atakhala pamwala m'mbali mwa msewu, kajumbo ka ufa ka 5 kg kali pamapazi. Chiperoni chinali chitayamba kale, kamvula kowaza kaja, aliyense akuthamangira kwawo koma iwo ali phee. Ine ndimayesa akudikira munthu. Nditafika pafupi mpamene ndinamva mmene amapumira, wefuwefu, m'chifuwa mukulira ngati kamluzu. Ndati amalume kwagwanji, angokweza dzanja kuti dikira kaye. Panapita kanthawi ndithu kuti mawu atuluke.

"Palibe kanthu mphwanga, ndikungopumulako."

Abale, munthu ameneyu ankatsitsa matumba a simenti a 50 kg ku Limbe tsiku lonse. Ndili mwana ankandikweza paphewa pa chitunda chomwechi uku akuimba. Lero 5 kg yawakhazika pamwala.

Anadwala TB mu 2021. Mayi anga ndi amene anali gadiyani wawo, m'mawa uliwonse kuonetsetsa kuti amwa mapiritsi, miyezi 6 yathunthu osadumphitsa, ndimakumbukira mmene anachitira mantha mkodzo utayamba kufiira mpaka akuchipatala anawauza kuti ndi mankhwalawo amatero. Pomaliza anayeza makhololo nkuwauza kuti mwachira. Tinapha nkhuku ya lokolo tsiku limenelo, mayi anakaperekera umboni kutchalitchi. Tonse tinatseka nkhaniyo. Ine ndemwe ndinatseka.

Koma chifuwa sichinathe kwenikweni, ndipo befu ndiye amangowonjezereka. Kawiri konse anabwerera kuchipatala chaching'ono, kuyeza makhololo, TB palibe, kuwapatsa mapiritsi a masiku angapo, bwererani. Akapezako bwino sabata ziwiri zitatu kenako zomwezo. Izi zonse ndazimva lero pamwala paja, mvula ikutinyowetsa, chifukwa anakana kunyamuka mpaka mpweya ubwerere.

Mwezi watha akuti anawatumiza kuchipatala chachikulu kukauzira m'makina. Mmene amafotokozera ndinaona kuti zinawakhudza. Akuti anawapana mphuno ndi kanthu ngati kopanira zovala pachingwe, nkuwapatsa kapaipi kuti alume, akoke mpweya mpaka chifuwa chidzaze kenako auzire mwamphamvu kamodzinkamodzi, nesi ali pambali kukuwa uzirani bambo, uzirani, uzirani, musasiye! Anabwereza kangapo mpaka kuona chizungulire. Kenako anawapopera inhaler, mankhwala opopera mkamwa otsegula tinjira ta mpweya, kudikira pang'ono, nkuuziranso. Kapepala kake anali nako m'buku lawo la kuchipatala lomwe amalikulunga mu jumbo ya shuga, ananditulutsira pomwepo. Manambala okhaokha ndi timizere topindika. Ndinakajambula pafoni.

Nditafika kunyumba ndinatumiza chithunzicho kwa mnzanga wina wa ku sekondale yemwe pano ndi clinical officer, anandiimbira yekha. Akuti kuyeza kumeneku ndi spirometry. Pamene palembedwa FVC ndi mpweya wonse umene munthu watha kutulutsa, pamene pali FEV1 ndi umene watuluka mu sekondi yoyamba yokha. Mapapo abwino amatulutsa mpweya wambiri mu sekondi yoyambayo. Akagawa manambala awiriwo nkupeza kuti ndi pansi pa 0.7 ngakhale munthu wapopera kale inhaler, ndiye kuti tinjira ta mpweya tapanikizika ndipo sitikutsegukanso bwinobwino. Ya amalume ili pansi pa 0.7. Ndinati koma si mphumu imeneyo? Akuti ayi, mphumu nthawi zambiri ukapopera manambala amakwera kwambiri, apa sanasunthe kwenikweni. Ndinati nanga zimenezi si za anthu osuta fodya? Amalume ndudu sanaikepo pakamwa chibadwire. Ndiye anandiuza chinthu chimene chandisowetsa tulochi, kuti mankhwala a TB amapha tizilombo koma samakonza zimene tizilomboto tawononga. Mumatsala zipsera, tinjira ting'onoting'ono timachepa, tina timatambasuka nkumasunga makhololo, mpweya kulowa umalowa koma kutuluka umachita kuvutikira, nchifukwa chake pachitunda munthu amabanika. Ndipo mnofu wa mapapo ukawonongeka choncho sumeranso.

Anandiuzanso kuti kuno ku Blantyre komwe kuno ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anatsatira anthu 405 omwe anali atangomaliza mankhwala a TB, zotsatira zake zinatuluka mu 2020, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse mapapo ake sanauzire bwino pamakina amenewa. Mmodzi mwa atatu! Ine ndakhala ndikungowerenga m'mutu anthu amene ndikuwadziwa kuti anamwapo mankhwala a TB, mdera mwathu mokha muno ndi angati, ndipo ndi angati mwa iwo amene timawaona akuima panjira nkumati akalamba msanga.

Chimene chikundipweteka nchakuti tsiku lija ankawauza kuti mwachira palibe anawonjezera kuti koma mwina befu atsala, mukaona zakutizakuti mubwere. Sindikuloza munthu chala, ndikudziwa mzere umakhala wautali ndipo amene ali mkatimo ndi mmodzi, komabe chiganizo chimodzi chokha chikanawapulumutsa amalume ku zaka zodzikayikira. Chifukwa mawu amene anandilasa lero ndi awa, anati, "Mphwanga, pepala likuti ndinachira. Ndiye ndikati thupi likukana, anthu amati ulesi." Kumaganyu anasiya kuwatenga, akuti amachedwetsa anzawo. Oyandikana nawo ena amanong'onezana kuti TB yabwerera, ena amati pali matenda ena amene akubisa. Kunyumba kwawo kapu yawo mpaka pano imakhala payokha, anti amaopera ana, pomwe munthu alibenso kachilombo ka TB koti nkupatsira wina. Anandiuza akumwetulira koma maso anali pansi.

Ndipo ine ndemwe chaka chatha pamaliro a agogo ndinadandaula mumtima kuti bwanji amalume angokhala pansi pa mtengo anzawo akukumba manda. Ndikakumbukira zimenezo pakhosi pakundiwawa.

Tinakwera chitundacho pang'onopang'ono, ufa ndinanyamula ine, tinaima katatu. Anandionetsa kapumidwe kamene anawaphunzitsa, kukoka ndi mphuno nkutulutsa pang'onopang'ono ndi milomo yosongoka ngati ukuziziritsa phala, akuti kamathandizako. Tikulowa m'nyumba mwawo ndinapeza mbaula ili pakati pa balaza, mawindo otseka chifukwa cha kuzizira, anti akuphika nyemba, utsi wa makala uli tolo. Amalume anayamba kutsokomola asanakhale nkomwe pampando. Ndinangotsegula windo osalankhula kanthu, anti anandiyang'ana, ndikudziwa anaganiza kuti ndikuwanyoza. Koma nanga aphikire pati? Panja kukugwa mvula, ndalama ya gasi kapena hotipuleti aitenga kuti munthu amene amabweretsa ndalama ndi amene ali pampandoyo. Mnzanga uja wanenetsa kuti utsi apewe, aziyenda tsiku lililonse ngakhale pang'ono osangogona chifukwa miyendo ikafooka befu amaonjezereka, inhaler azigwiritsa ntchito mmene anawauzira, ndipo makhololo akasintha mtundu, akaona magazi, akayamba kutentha thupi usiku kapena kuonda athamangire kuchipatala akayezedwenso, poti munthu amene anadwalapo TB akhoza kuidwalanso mosavuta kuposa ena. Zonsezi ndalemba pakapepala. Za kuyendazo nzotheka. Za utsizo sindikudziwa ndiyambira pati ndi anti, mwina ndidutsire kwa mayi, koma mayi ndi anti nawonso samvana kwenikweni chiyambire nkhani ya munda wa ku Chiradzulu ija, ndiye kaya.

Pondiperekeza amalume anangofika pakhomo, anati usawauze achemwali zoti wandipeza pamwala, adandaula, anavutika nane kale mokwanira.

Mayi anditumizira uthenga pa WhatsApp cha m'ma 8 koloko, akuti wawapeza bwanji amalume ako, ali bwino? Ndautsegula, aona kuti ndawerenga. Ndalemba kuti ali bwino ndafufuta. Ndalemba kuti tikambirana mawa ndafufutanso. Panja chiperoni chikadagwabe ndipo foni ili apa pa pilo